Buledi Woyamba wa a Khiem

Ine ndimameta anthu pakamwa pa kanjira kathu, m'mbali mwa khoma la nyumba yakale yosungiramo mpunga. Chuma changa ndi mpando umodzi, galasi lokoloweka pa msomali, lumo ndi sizasi. Dzina langa ndine Sang, koma kuno ku Saigon mukafunsa Sang akulozerani anthu khumi. Mufunse kuti wometa wolongolola uja ali kuti, mufika. Galasi langalo mulidziwiretu, chifukwa munthu akakhala pampando wanga saona nkhope yake yokha ayi. Amaonanso tsidya lina la msewu, pamene pamaima ngolo ya buledi ya Tham.

Buledi wa Tham ndi banh mi yemweyu mungamupeze pa ngodya iliyonse: wautali, wokukutika kunja, womung'amba pakati n'kupakamo chiwindi chopera, kenako nyama ya nkhumba, nkhaka, karoti wowawasa, timasamba tonunkhira ndi tsabola. Chosiyana n'chakuti chiwindicho amakonza yekha, ndipo m'mawa uliwonse amabwera nacho m'mbale ya chitsulo chili chosalala pamwamba ngati simenti yatsopano. Kwa zaka khumi ndi zisanu, munthu mmodzi yekha ndiye ankaona mpeni ukuboola koyamba posalalapo. Munthuyo anali a Khiem.

Wogulitsa aliyense mumzinda muno, kaya wa golide kaya wa nthochi, amaopa wogula woyamba. Akakhala wa mphumi, katundu amatha dzuwa lisanafike pamutu. Akakhala wa minyama, tsiku lonse lafa, ndipo mwini malonda amayatsa pepala n'kulizunguza pa katundu wake kuti tsokalo lichoke ndi utsi. Ine zimenezi ndakhala ndikuziseka moyo wanga wonse. Tsitsi limamerabe, kaya woyamba kukhala pampando wanga ndi wansembe kaya ndi mbava. Koma ine ndani? Anthu a malonda a zakudya amati wometa alibe chimene chingamuwolere, ndiye angolankhula.

A Khiem anabadwira ku Ben Tre, kumidzi ya kokonati, ndipo anabwera mumzinda ali mnyamata, atanyamula mkeka ndi poto mmodzi. Kwa zaka makumi atatu anapalasa kabaza wa matayala atatu, kunyamula amayi opita ku msika, nkhumba, makabati, kamodzinso mkwatibwi amene galimoto yake inafa panjira. Anali munthu wamfupi, wopanda mnofu pena paliponse kupatula m'miyendo, mmene munali akatumba ngati minsi. Akuluakulu a boma ataletsa njinga zoterozo m'misewu yaikulu, anagulitsa yawo kwa wa zitsulo zakutha, nakakhala pafupi ndi mlatho wa pa ngalande ndi pampu ndi beseni la madzi, n'kumamata machubu. Sanadandaulepo. Izi n'zimene zinkandikwiyitsa mwa iwo: munthu ungamuponde chala, iye n'kukupepesa kuti anaika phazi pamalo olakwika.

Akazi awo, a Lua, anali moto. Ankagulitsa nkhono zowiritsa kumsika wa madzulo, ndipo mawu awo ankamveka kuchokera ku mlatho. Tsabola ankatafuna wosaphika ngati mtedza, n'kumatiseka amunafe kuti tili ndi malilime a makanda. Mwana sanakhale naye. Amayi a m'kanjira kathu analankhula za nkhaniyi mpaka malovu kuuma, koma a Lua ankangowayankha kuti, “Mwana ndili naye, uyo akupalasa njingayo.” Ndiye tsiku lina, akutsuka mapoto, anagwa. Anachoka kuchipatala mbali ya kumanja yonse itafa, pakamwa patapotoka, ndipo mawu aja anapita osabweranso. Chotsala chinali maso, dzanja lamanzere ndi kubuula.

Sabata imene a Lua anabwera kunyumba ndi yomwe Tham anayamba malonda. Anali kamtsikana koonda, kamwana kali m'manja, ngolo yobwereka. A Lua ankakana phala, ndipo a Khiem, atasowa pogwira, anatuluka m'mamawa kukafuna chilichonse chimene chingalowe m'kamwa mwa mkazi wawo. Anapeza Tham akungoyala kumene. Anagula buledi mmodzi, osanenerera mtengo, nati, “Tsabola wambiri, mwana wanga, mwini wake amakonda.” Tsiku limenelo Tham anagulitsa zonse nthawi ya eyiti isanakwane, ndipo a Lua anadya. Basi, nkhani inathera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo Tham sankagulitsa kanthu kwa munthu wina aliyense a Khiem asanagule.

Mukanaona mmene zinkakhalira! Hafu faivi ikamakwana, pa ngolo pamakhala patadzaza kale: oyendetsa njinga zamoto, anamwino ochokera ku ntchito, atsikana a kufakitale ya nsapato, onse mikono pachifuwa, buledi akununkhira pa mbaula koma osagulitsidwa. Kenako a Khiem ankatulukira m'kanjira, malaya oyera osita bwino, kuyenda pang'onopang'ono ngati nduna yobwera kudzatsegulira mlatho.

“Agogo, thamangani, tifa ndi njala kuno!”

“Ifani, ana anga, bokosi ndinyamula ndine. Ndanyamulapo zolemera kuposa inu.”

“Monga mwa masiku onse, amalume?” ankatero Tham, mpeni uli kale m'manja.

“Monga mwa masiku onse. Tsabola usaumire. Akazi anga si mwana wa sukulu.”

Tham ankathira tsabola waung'ono wobiriwira uja, wolusa zedi, osati tizidutswa tiwiri timene amaikira ena, koma dzanja lonse. Ankalandira ndalamayo, kuigunditsa katatu pa galasi la ngolo, ndipo pamenepo msika unkatseguka. A Khiem ankadutsa pa mpando wanga n'kundinyamulira buledi m'mwamba ngati chikho cha mpira. Munthu amene sanapambanepo kanthu, amene analibe mwana, munda kapena njinga, anali ndi mphindi zisanu patsiku pamene msewu wonse unkamudikira. Akafika kunyumba ankawatsamiritsa a Lua pa pilo, n'kumawanyemera pang'onopang'ono ndi kuwadyetsa. Ankandiuza ali pampando kuti, “Sang, mkazi ameneyu m'mawa uliwonse amalira. Ndikamamudyetsa misozi mbwee, n'kundigwira pamkono ndi dzanja lamoyo lija. Kuthokoza kwake n'komweko, mawu alibe.”

A Lua anamwalira m'nyengo ya mvula, masana, a Khiem ali ku mlatho. Tinamanga tenti m'kanjira, a malipenga anaimba masiku atatu, ndipo Tham analira pamaso pa bokosi kuposa achibale amene anachokera kumudzi. Ndikunena izi kuti musamuyese munthu woipa. Sali woipa. Masiku a maliro aja ankaitana mlamu wake kudzagula poyamba, ndipo palibe amene anaona chachilendo.

Madzulo a tsiku loika, ndikusesa tsitsi, Tham anawoloka msewu n'kuima pafupi ndi mpando wanga, akupotokola nsonga ya epuloni.

“Achimwene a Sang, mawa mulawire. Mudzagule ndinu poyamba. Simulipira, mudzangondipatsira ndalama imene ndikupatseni ine.”

“Nanga a Khiem?”

“Avala kansalu kakuda pachifuwa, mwawaona. Woferedwa satsegula malonda, inunso mukudziwa. Ndili ndi ana awiri pasukulu ndi apongozi odwala, ali chigonere. Sindikuwada ayi. Chaka chikatha, akakavula, malo ndi awo.”

“Ndiye ukawauze wekha.”

“Ndiyambire pati? Inu mudzangogula mwakachetechete, iwo akabwera ndidzachita ngati ndi oyamba. Sadziwa.”

“Kodi ine ndili ndi mphumi?”

“Mulibe. Koma simunaferedwe.”

Ndikanayenera kumuthamangitsa ndi tsache lomwe linali m'manja mwangalo. Ine amene ndimaseka za minyama, ine wolalata uja. Koma buledi waulere m'mawa uliwonse si chinthu chimene wometa wa pansi pa khoma amakana msanga. Ndinadzinamiza kuti ndikuwateteza a Khiem ku manyazi. Chilungamo chake n'chakuti linali dyera.

M'mawa mwake ndinagula kudakali kamdima, n'kukadyera kuseri kwa khoma ngati galu woba. Tham anayesetsa kusalaza chiwindi chija ndi mpeni, koma dzenje likakumbidwa lakumbidwa. Hafu faivi itakwana a Khiem anatulukira, malaya oyera omwe aja, pachifuwa kansalu kakuda kobaya ndi phini. Palibe anafuula kuti agogo thamangani.

“Monga mwa masiku onse, amalume?”

“Monga mwa masiku onse. Ndikamuikire Lua pa guwa la kunyumba, pafupi ndi chithunzi chake. Asadzuke kumeneko n'kupeza kulibe kanthu.”

Ndinawaona akuyang'ana m'mbale ya chiwindi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako analipira, natenga buledi wawo, nawoloka msewu kubwera kwa ine.

“Sindimeta, Sang, mpaka masabata asanu ndi awiri atatha. Ndingokhala pang'ono. Miyendo yakana.”

Anakhala pampando, nkhope ku khoma, msana ku msewu. Tham ataona msanawo anaganiza kuti wapulumuka. Anang'amba nyuzipepala, nayatsa, n'kuyamba kuizunguza pamwamba pa ngolo, m'mbali, pansi, mpaka pamene panaima mapazi a a Khiem. Ankachita mothamanga. Ine ndinaima pakati kuti nditchinge galasi, koma ndine woonda, ndipo utsi sutchingika.

“Choka apo, Sang, usavutike. Ndaona.”

“Achimwene, ndi zopusa za akazi a kumsika izi, musazi...”

“Ukuuona utsi uwo? Ndine ndikupsa pamenepo.”

Anatambasula dzanja n'kutola kanyenyeswa ka buledi pa malaya anga, pomwe pa batani lachiwiri. Anakayang'ana pa chala. Ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe.

“Amakoma?” anandifunsa.

“Achimwene, mukufunsa ine? Zaka zonsezi...”

“Sindinalawepo. Poyamba ndalama inkakwana mmodzi, ndiye ndinkamuuza Lua kuti wanga ndadyera konko. Pambuyo pake chinangokhala chizolowezi. Anali wake. Ine mpunga wa dzulo ndi msuzi wa nsomba, basi.” Anaika kanyenyeswako pa mkono wa mpando. “Uyunso, lubani wa pa guwa akazima, ndimupatsa mayi wina wotola mabotolo.”

Ananyamuka n'kulowa m'kanjira. Mawa lake sanabwere, mkuja wakenso ayi.

Ndikanakonda kukuuzani kuti malonda a Tham anagwa, kuti buledi anayamba kuuma pa mbaula ndipo anthu anathawira kwina. Sizinatero. Ankatha nthawi ya naini monga kale, masiku ena msanga kuposa apo. Zimenezi zinandiwawa kwambiri kusiyana ndi utsi uja. Tsiku lina ndinamulalatira Tham pamaso pa makasitomala, kuti wataya munthu ngati pepala lokulungira buledi. Anandiyang'ana, mpeni m'manja, nati, “Pukutani kaye pakamwa, achimwene, chiwindi chatsalira.” Anthu anaseka.

Patatha masabata atatu ndinapita kukawaona. Chipinda chawo ndi chimodzi, kumapeto kwa kanjira, kumene dzuwa silifika. Pa guwa panali chithunzi cha a Lua ali mtsikana, akuseka mano onse panja, ndi kambale ka mpunga. Bedi lawo linali loyala bwino, pilo atatsamiritsidwa ku khoma ngati mwini wake wangopita kuseri. A Khiem anali atamera ndevu zoyera, ataonda ngakhale m'miyendo.

“Thupi limadzuka lokha faivi koloko,” anatero. “Ndimasamba, ndimavala malaya, ndikagwira chitseko m'pamene ndimakumbuka. Ndiye ndimakhala apa mpaka kuche bwinobwino.”

“Ku mlatho mukupita?”

“Machubu akudziwa okha pobooka, sakundifuna.” Kenako anafunsa chimene ndinkaopa. “Mwana uja malonda akuyenda?”

Ndinawayang'ana. Munthuyu anali atatsala ndi chinthu chimodzi chokha padziko, chikhulupiriro choti ndi wa mphumi, ndipo chinali m'kamwa mwanga. Ndinanama.

“Agwa, achimwene. Chichokereni inu, buledi amafika masana. Dzulo wataya dengu lonse.”

Nkhope yawo inawala, kenako inagwa. Anachita manyazi kuti asangalala.

“Kalanga ine. Ndi ana awiri aja. Wavutika chifukwa cha ine.”

Ndinabwerera ku mpando wanga ndikudziyamikira kuti ndachita chanzeru. Wometa amadziwa kukonza mutu kunja kokha.

M'mawa mwake nditafika kuti ndidzagule mwakuba monga mwa masiku amenewo, ndinapeza a Khiem ataima kale pa ngolo, Tham asanamalize n'kuyala komwe. Ndevu anali atameta okha, moipa, atadzicheka pawiri. Malaya oyera, osita. Pachifuwa panalibe kanthu, koma timabowo tiwiri ta phini. Mkazi wawo asanathe ndi masabata anayi m'manda, anavula kansalu. Kwathu kuno zimenezo ndi kuuza msewu wonse kuti wakufayo wamuiwala, ndipo amayi a m'kanjira amakunena mpaka nawe udzafe.

Tham anali atagwira njakata. Anayang'ana timabowoto, nayang'ana ine, nayang'ana pansi.

“Amalume, kansalu kaja...”

“Kansalu kati? Ukuona woferedwa pano? Tsegula mbaleyo, mwana wanga, anthu akubwera.”

Anthu analidi akubwera, njinga zamoto zikuima imodziimodzi. Tham anavundukula chiwindi. Chinali chosalala, chosakhudzidwa. Analowetsa mpeni.

“Monga mwa masiku onse?”

“Monga mwa masiku onse. Koma usakulunge. Munthu wosaferedwa amadya yekha buledi wake. Ndidyera pompano.”

Tham anathira tsabola dzanja lonse, chifukwa dzanja lake silinkadziwa muyeso wina wa a Khiem. Analandira ndalama, nagunditsa katatu pa galasi. Wina kumbuyo anayesa kuseka kuti, “Agogo abwerera, tsopano tidya!” koma sanapeze womuthandiza. A Khiem anakhala pa kampando ka pulasitiki kofiira, nagwira buledi ndi manja awiri, n'kumutembenuza uku ndi uku ngati akufuna pamene pabooka. Kenako analuma.

Anatafuna kawiri, katatu. “Eee,” anatero, “kani amakoma chonchi.” Analumanso, kwambiri.

Pamenepo tsabola anafika. Ndinaona khosi lawo likufiira, mpaka m'makutu. Anatsegula pakamwa kukoka mpweya, anatsokomola, thukuta linatuluka pamphumi. Misozi inayamba kutsika yokha, mbali zonse ziwiri, kudutsa m'mabala a lumo aja. Mnyamata wina wa njinga yamoto anaseka. “Agogo, kani tsabola mumangoitanitsa, kudya simutha!” Tham anathamanga ndi kapu ya tiyi wozizira. A Khiem anafuna kulankhula koma mawu sanatuluke, ndipo pofuna kuti Tham afulumire ndi kapuyo, anamugwira pamkono ndi dzanja lamanzere n'kufinya.

A Khiem anauma pomwepo. Anayang'ana dzanja lawo pa mkono wa Tham. Anakhudza tsaya lawo n'kuyang'ana chala chonyowacho. Tiyi sanamwe.

“Sang,” anaitana, mawu atasasa. “Tabwera.”

Ndinapita n'kugwada pafupi ndi kampandoko.

“Lua ankandigwira chonchi. M'mawa uliwonse. Misozi chonchi.”

“Achimwene, a Lua tsabola ankakonda. Tonse tikudziwa. Ankatafuna ngati mtedza.”

“Asanagwe. Pakamwa pali pabwinobwino, madzi akutha kutunga yekha.” Anatsegula bulediyo n'kuyang'ana mkati, mmene munali mobiriwira ndi tsabola. “Theka la lilime linafa, kumeza kunkamuvuta. Ine ndinkangonyema n'kumaika. Akandigwira ndinkati, ‘Usathokoze, mkazi wanga, idya.’ N'kuwonjezera china.”

“Koma ankamaliza, amalume,” anatero Tham, naye akulira. “Munkanena nokha kuti ankamaliza yense. Munthu sangamalize chinthu chimene chikumupweteka.”

“Angamalize. Mwamuna wako atadzuka faivi koloko, atavala malaya oyera, msewu wonse ukumudikira, n'kubwera akumwetulira ngati wapha njovu, ungamulavulire?” Anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya. “Kapena ankakondadi. Kapena ankathokozadi. Ndikamufunse ndani tsopano?”

Akulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, koma apa bwato lomwe linali litapita. Ine ndinali ndi mawu ambiri moyo wanga wonse, okwana kugulitsa, ndipo m'mawa umenewo ndinalibe ngakhale limodzi. Ndinamva chisoni chimene sindinamvepo pa maliro a mayi anga.

A Khiem anamaliza buledi uja. Yense, mpaka kansonga, akulira ndi kutsokomola, anthu akuyang'ana kumbali. Tham anawapempha kuti asiye, anakana. Atatha anapisa m'thumba la buluku, natulutsa kansalu kakuda kaja, n'kukabaya pachifuwa, phini kulowa m'timabowo take tomwe tija. Anayang'ana mzere wa anthu, umene unali utafika pa mtengo wa magetsi, kenako anayang'ana ine.

“Malonda sanagwe, eti?”

“Sanagwe, achimwene.”

Anagwedeza mutu. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Anaimirira, napita kumapeto kwa mzere, kumbuyo kwa mtsikana wa kufakitale ya nsapato. Anthu anafuna kuwapatsa mpata, anakana. Anadikira nthawi yawo. Atafika kutsogolo, mbale ya chiwindi inali itafika theka.

“Wina mmodzi, mwana wanga. Wokulunga. Wopanda tsabola.” Analipira. “Ndikachoka uotche pepala lako, usachite manyazi. Ana ako adye.”

Tham sanaotche tsiku limenelo. Nyuzipepala anaigwira, machesi anawatulutsa, koma anazibweza mu kabati. Ichi ndimuchitira umboni.

Chaka chinatha, ansembe a kukachisi anachita mwambo wake, kansalu kanaotchedwa. Tham anapita yekha kumapeto kwa kanjira, atanyamula zipatso, kukawauza kuti malo awo akuwadikira. Anamulandira bwino, namupatsa tiyi, namuuza kuti miyendo yawo siithanso kulawira. Linali bodza, chifukwa nyali yawo imayaka faivi koloko mpaka lero.

Wotsegula malonda ndidakali ine. Tsopano ndimalipira ndekha, ngati kuti zimenezo zikonza kanthu. Palibe amene amandidikira kapena kundifuulira kuti ndithamange. Ndimagula, Tham amagunditsa ndalama pa galasi, tsiku limayamba. A Khiem amabwera dzuwa litakwera, pamene anthu a ku ntchito apita ndipo chiwindi chatsala cha m'mbali mwa mbale. Ndimawaona pa galasi langa, kuseri kwa mutu wa amene ndikumumeta. Tham anasiya kuwafunsa kuti monga mwa masiku onse. Amangodikira, mpeni m'manja, ndipo iwo amanena okha tsiku lililonse, momveka bwino, ngati pali wina pafupi amene akufuna kuti amve: “Wopanda tsabola.”